SVS SB-1000 Pro ndi PB-1000 Pro: iti yoyenera chipinda choonera mafilimu?

Kampani ya SVS, ya mumzinda wa Youngstown ku Ohio m'dziko la America, inatulutsa m'chaka cha 2021 ma subwoofer (masipika otulutsa mawu otsika kwambiri, otchedwa besi) awiri amene munthu akangowerenga manambala awo angaganize kuti ndi mapasa. SB-1000 Pro ndi PB-1000 Pro onse ali ndi sipika ya mainchesi 12, onse ali ndi ampulifaya ya mawati 325 imene imatha kudumphira pa mawati opitirira 820 kwa kamphindi kochepa, ndipo onse amasinthidwa ndi pulogalamu imodzimodzi ya pafoni yolumikizidwa kudzera pa Bluetooth. Chimene chimawalekanitsa ndi bokosi. La SB ndi lotsekeka mbali zonse, pomwe la PB ndi lalikulu ndipo lili ndi mapaipi awiri otulukira mpweya kutsogolo kwake. Popeza zina zonse zimafanana, awiriwa amaonetsa poyera kuti wogula amene wayamba ndi kufunsa za mawati wayambira kolakwika.

Mawati amanamiza anthu ambiri. Ampulifaya ikawirikiza mphamvu yake kawiri, mawu amangokwera ndi ma dB 3 (dB ndi muyeso wa kukwera kwa mawu), pomwe khutu limafuna pafupifupi ma dB 10 kuti livomereze kuti phokoso lawirikizadi. Ntchito yeniyeni ya subwoofer ndi kukankha mpweya wochuluka, ndipo mafilimu amaisenzetsa katundu wolemera. Mawu a filimu amene ali mu Dolby Digital kapena DTS amakhala ndi njira yapadera ya besi yotchedwa LFE, imene ndi ".1" ija ya mu 5.1 (masipika asanu ndi subwoofer imodzi), imakwera kulekeza pa 120 Hz (Hz ikachepa, mawu amakhala otsika) ndipo imaseweredwa ma dB 10 pamwamba pa njira zinzake. Kuwonjezera apo, risiva, chipangizo chogawira mawu ku masipika onse, imachotsa besi yonse yapansi pa 80 Hz, malire amene kampani ya THX, yoika miyezo ya mawu a mafilimu, inakhazikitsa, ku masipika ena onse n'kuitumiza ku subwoofer yomweyo. Kuti sipika itulutse 20 Hz mokweza mofanana ndi 40 Hz, iyenera kusuntha mtunda wowirikiza kanayi, ndipo apa m'pamene mtundu wa bokosi umayamba kulamula.

SB-1000 Pro ndi kabokosi ka masentimita pafupifupi 34 msinkhu, 33 m'lifupi ndi 37 kulowa kumbuyo, kolemera makilogalamu pafupifupi 12, koti munthu mmodzi akhoza kukanyamula ndi kukabisa pambali pa sofa. Opanga ake amati imagwira ntchito kuyambira pa 20 Hz mpaka 270 Hz. Pa nyimbo sindinaipezere chifukwa. Chingwe chotsikitsitsa cha besi gitala ya zingwe zinayi chimalira pa 41 Hz, ndipo pa SB mawu ake amamveka poyambira ndi pothera, osasanduka kulindima kumodzi kosadziwika mutu wake. Bokosi lotsekeka lili ndi ubwino wina umene sulembedwa pakatoni: mphamvu yake imatsika pang'onopang'ono, ma dB 12 nthawi iliyonse ma Hz akatsika ndi theka, ndipo chipinda chaching'ono chotsekeka bwino chimabweza gawo lalikulu la zimene zatayikazo chifukwa makoma amakweza besi yotsika kwambiri. M'chipinda chogona kapena m'kachipinda kopatulidwira mafilimu, kabokosi aka kamamveka kakakulu kuposa msinkhu wake. Kakaikidwa pabalaza lalikulu lopitirira kukalowa kukhitchini ndi m'khonde la m'kati mwa nyumba, thandizo la makoma limatha, ndipo pamene filimu ikufuna kuti pansi panjenjemere, sipika imafika polekezera, ampulifaya n'kuchepetsa yokha mphamvu kuti isawonongeke. Siyiphokosera monyansa, imangoleka kukwera, koma wodziwa filimuyo amazindikira kuti pali chimene chasowa.

PB-1000 Pro inapangidwira malo amenewo. Ndi ya masentimita pafupifupi 48 msinkhu, 38 m'lifupi ndi 51 kulowa kumbuyo, imalemera makilogalamu opitirira 19, ndipo imatsika mpaka 17 Hz, pansi pa 20 Hz pamene ambiri amawerengera kuti khutu la munthu limalekezera. Mapaipi ake anayesedwa kutalika kuti mpweya wa m'kati mwawo uzinjenjemera pa mawu otsika kwambiri, kotero kuti pa mawu amenewo sipika imasuntha pang'ono chabe, ntchito yaikulu n'kugwiridwa ndi mpweyawo. Mukaika dzanja patsogolo pa paipi pamene filimu ikuonetsa chivomezi kapena kuphulika, mumamva mphepo ikuwomba chikhatho pomwe sipikayo ikuoneka ngati yangokhala duu, ndipo nthawi yomweyo galasi la zenera limayamba kuyankha. Pakati pa 20 Hz ndi 30 Hz, PB imatulutsa mawu ochuluka kwambiri kuposa SB ngakhale mawati ndi omwewo, ndipo m'dera limeneli ndi mmene muli zinthu zimene zimasiyanitsa filimu yoonera kunyumba ndi wailesi yakanema wamba.

Pali chikhulupiriro chakale choti bokosi la mapaipi limatulutsa besi yochedwa ndi yosokonekera. Pa ma subwoofer otsika mtengo amene mapaipi awo anakonzedwa kuti azigunda cha pa 50 Hz, mawuwa ndi oona. Pa PB-1000 Pro sindikuwavomereza, chifukwa mapaipi ake amagwira ntchito pansi kwambiri kuposa pamene pali zida zambiri zoimbira, ndipo kusokonekera kumene anthu amaimba nako mlandu bokosi kawirikawiri kumachokera ku chipinda. Zofooka zake zenizeni ndi zina. Pansi pa malire a mapaipi mphamvu imagwa msanga, ma dB 24 ma Hz akatsika ndi theka, ndipo ikakakamizidwa kwambiri pa mawu otsikitsitsa mpweya ukhoza kumveka ukupemerera m'mapaipimo. Mapaipi akhoza kutsekedwa kuti igwire ntchito ngati bokosi lotsekeka, ngakhale sindikuona nzeru yogulira bokosi lalikulu chonchi n'kulitseka pakamwa. Chovuta chachikulu ndi kukula kwake, pakuti theka la mita kuchoka kukhoma si malo ochepa m'chipinda chimene anthu amakhalamo tsiku ndi tsiku, ndipo bokosi lovuta kusuntha nthawi zambiri limathera pamene lakwanira m'malo mwa pamene likumveka bwino.

Nkhani ya malo ndi imene imaposa zonse. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, choncho funde la 20 Hz limatalika mamita 17, ndipo la 40 Hz limapitirira mamita 8. Mafunde aatali chotere sakwana m'chipinda wamba, amagunda khoma n'kubwerera kudzakumana ndi anzawo, pena n'kuwonjezerana, pena n'kuthetsana. M'chipinda chotalika mamita 5, mawu a pafupi ndi 34 Hz amakula kwambiri kufupi ndi makoma awiri oyang'anizanawo koma amazilala pakati penipeni, pamene anthu ambiri amakonda kuika mpando. Ndi chifukwa chake munthu akhoza kugula subwoofer yabwino, osamva besi atakhala pa sofa, koma akaimirira pakhomo n'kupeza mbale za m'kabati zikugwedezeka. Njira yodalirika yopezera malo ndi yochititsa manyazi pang'ono koma siyilira ndalama: subwoofer imaikidwa pampando womvetserera, nyimbo ya besi yokwera ndi kutsika n'kuseweredwa mobwerezabwereza, mwini wake n'kumakwawa motsata makoma, mutu uli chapansi, kufikira atapeza pamene mawu onse a besi akumveka ofanana mphamvu. Pamenepo m'pamene subwoofer iyenera kukhala. Pakona imakwera mawu, koma imadzutsanso zovuta zonse za chipinda nthawi imodzi. Pa ntchito yokwawayi SB imapambana mosavuta, chifukwa kukweza makilogalamu 19 pa sofa si masewera.

Pulogalamu ya pafoni ndi chinthu chimene chimakweza awiriwa pamwamba pa anzawo ambiri a msinkhu umenewu. Mphamvu ya mawu, malire a besi ndi phase (kugwirizana kwa nthawi ya mafunde ake ndi a masipika ena) zonse zimasinthidwa munthu ali pampando pomwe akumvetsera, osachita kugwada kuseri kwa bokosi n'kubwerera kudzamva ngati zasintha. Muli zosefera zitatu zochepetsera ma Hz amene chipinda chikukweza mopitirira, komanso mwayi wosunga makonzedwe osiyana a mafilimu ndi a nyimbo. Komabe pa awiriwa pulogalamuyi siyeza chipinda payokha ndipo m'katoni mulibe maikolofoni, kotero wofuna kugwiritsa bwino ntchito zoseferazo ayenera kudalira pulogalamu yaulere ya Room EQ Wizard pakompyuta pamodzi ndi maikolofoni yoyezera monga UMIK-1 ya miniDSP, apo ayi angosiyira ntchitoyo pulogalamu yoyeza chipinda ya mu risiva yake, monga Audyssey, YPAO kapena Dirac Live. Zosefera zimatha kudula pamene pakwera, koma sizingadzaze pamene mafunde akuthetsana, ndipo woyesa kutero amangotopetsa ampulifaya. Kumbuyo kuli polowera mawaya a RCA ndi a masipika, zimene zimathandiza amene ali ndi ampulifaya ya sitiriyo yopanda potulukira subwoofer, koma palibe polowera mawaya a mtundu wa XLR. Mu risiva masipika onse aikidwe pa Small, kutanthauza aang'ono, ngakhale atakhala aakulu, malire ayambire pa 80 Hz, ndipo chosefera cha pa subwoofer chizimitsidwe kuti besi isasefedwe kawiri.

Kwa amene amaonera mafilimu kwambiri m'chipinda chachikulu kapena chotseguka, ndipo malo alipo, ndingasankhe PB-1000 Pro osazengereza. Kwa amene chipinda chake ndi chaching'ono, kapena amamvera nyimbo kuposa kuonera mafilimu, SB-1000 Pro ndi yokwanira, ndipo ndalama zikalola, ma SB awiri oikidwa m'malo osiyana amafalitsa besi mofanana pamipando yonse kuposa mmene PB imodzi ingachitire. Okhala m'nyumba zogundizana makoma kapena zosanjikizana alingalire bwino asanatengeke ndi 17 Hz, chifukwa besi yotsika imadutsa khoma mosavuta kuposa mawu ena onse. Timiyendo ta labala toika pansi pa bokosi timachepetsa kunjenjemera kwa pansi pa matabwa, koma sititsekereza mawu oyenda mumpweya, ndipo m'nyumba yotere mphamvu yowonjezera ya PB idzamveka kwa oyandikana nawo kuposa kwa amene anailipira.