Jockey akatchinga mnzake alangidwe ndani, munthu kapena hatchi?

Amene mumatsata mipikisano ya mahatchi, kaya pa TV kaya mumakalowa ku mabwalo a Greyville kapena Turffontein ku South Africa, mukuidziwa nthawi ija mpikisano watha koma ndalama sizikutuluka chifukwa ma steward, oweruza a mpikisano, akubwereza kanema. Jockey, wokwera hatchi uja, wakhotetsa hatchi yake osacheuka, wapanikiza mnzake kumpanda, winayo wachita kukoka zingwe kuti asagwe. Mlanduwu amautcha careless riding, kukwera mosasamala, ndiye njira zoweruzira zilipo ziwiri zimene zikulimbana padziko pano, ndipo ine ndili ndi mbali yanga.

Tiyambe ndi ya ku America ndi Canada, imene amati Category 2. Kumeneko hatchi yako ikasokoneza ina mpaka inayo kutaya malo, iweyo umatsitsidwa kumbuyo kwa imene waisokonezayo, olo utawina patali bwanji. Pa 4 May 2019 ku Kentucky Derby, hatchi yotchedwa Maximum Security inatsogola kuyambira koyambirira mpaka kumzere womaliza, koma pokhota komaliza inatulukira kunja nkupanikiza War of Will ndi Long Range Toddy, miyendo ya mahatchi inatsala pang'ono kukolana m'matope muja. Ma steward anakhala mphindi 22 akuona kanema, mapeto ake anaitsitsa kuchoka pa nambala 1 kufika pa 17, chikho nkupita kwa Country House imene pa kubetcha inali pa 65-1, kutanthauza kuti sinkayembekezeka kuwina, komanso si imene inavutitsidwa kwenikweni. Luis Saez amene anakwera anamuyimitsa masiku 15. Apa ndi pamene njirayi imandivuta ine, mwini hatchi, trainer, anyamata amene amadzuka mbandakucha kukaisambitsa, ndi anthu onse amene anabetcha, onse analangidwa, pomwe aliyense amaona kuti hatchi imene inathamanga bwino tsikulo ndi yomwe ija. Ubwino wake sindikana, jockey wa ku America amadziwa kuti akatchinga munthu ataya mpikisano wonse, manthawo alipo.

Category 1 ndi ya ku Britain, Ireland, Australia, Hong Kong ndi South Africa. Funso lawo ndi limodzi basi: chikhala kuti sipanakhale kusokonezana, kodi hatchi yovutitsidwayo ikanapitirira inzakeyo? Ngati eya, amasintha malo, ngati ayi zotsatira zimakhala momwemo ndipo chilango chimagwera jockey payekha. Amene munaona Durban July ya 2014 mukukumbukira, Wylie Hall inadutsa mzere poyamba koma kusiyana kunali kwa mphuno chabe, dandaulo lakuti inasokoneza inzake (objection) litamveka chikho chinapita kwa Legislate. Japan inalowa njirayi mu 2013, anthu atadandaula kwambiri ndi zimene zinachitikira Buena Vista ku Japan Cup ya 2010, inawina moonekeratu koma nkuitsitsa kumbuyo kwa Rose Kingdom. France inatsatira mu 2018.

Kwa wobetcha Category 1 ndi yachilungamo, hatchi yamphamvu imasunga chake. Koma ili ndi bowo lalikulu, jockey akhoza kuwerengera mumtima kuti ndikadula apa ndiwina, chilango ndizachiona pambuyo. Taonani Melbourne Cup ya 2015 imene anawina Michelle Payne pa Prince of Penzance. Frankie Dettori pa Max Dynamite anatulukira kunja mwamphamvu nkusokoneza mahatchi angapo, anamuyimitsa mwezi wathunthu ndi chindapusa cha madola 20,000 aku Australia, koma hatchi inasunga nambala 2 yake ndi mphoto yake yonse. Ndiye njirayi imagwira ntchito pokhapokha chilango cha jockey chikhale chowawa zenizeni, ndipo apa maiko a Category 1 nawonso amasiyana.

Ku Britain BHA, bungwe loyendetsa mipikisano ya mahatchi, imagawa milandu patatu, careless, improper ndi dangerous riding, kukwera mosasamala, mosayenera ndi moopsa. Ya dangerous ndi imene imachotsetsa hatchi mumpikisano koma simaitchula kawirikawiri, yambiri imathera pa chenjezo kapena masiku 2, 3, 4, ndipo chilango sichiyamba mawa lake, chimadikira masabata awiri. Kudikiraku kunalinso ku France mu 2022, ndipo kunaonetsa manyazi ake. Christophe Soumillon anakankha Rossa Ryan ndi chigongono ku Saint-Cloud mpaka Ryan kugwa pahatchi ikuthamanga, Soumillon anapatsidwa masiku 60, koma patangopita masiku awiri anali pa Vadeni ku Prix de l'Arc de Triomphe, mpikisano waukulu wa ku France, nkumaliza wachiwiri. Pambuyo pake Aga Khan, mwini wa Vadeni, anamuchotsa ntchito, komabe tsiku lalikulu anakwera.

Australia ndi imene ndimaiona kuti ikuyesetsa. Jockey asanadutse kutsogolo kwa mnzake amayenera kukhala patsogolo ndi utali wa mahatchi awiri, ndipo chilango sachiganiza pamutu, ali ndi ndondomeko yowerengera: kusasamalako kunali kochepa, kwapakati kapena kwakukulu, mnzakeyo anangobwezedwa kapena anagwa, mbiri ya jockeyo ili bwanji, wavomera mlandu kapena akukana, komanso ukakhala mpikisano wandalama zambiri amawonjezera. Kuwonjezerako ndi kumene kumatseka bowo lija. Sayang'ananso dzina, Hugh Bowman amene ankakwera hatchi yotchuka Winx anayimitsidwa masabata 6 mu 2020 ku Rosehill, atatulukira kunja pa Smart Image, Andrew Adkins nkugwa nkuthyoka mafupa angapo, hatchi ya Adkins, Hot 'N' Hazy, anachita kuipha. Hong Kong nayo ndi yolimba mwa njira yake, amathamanga kawiri kokha pasabata, Happy Valley ndi Sha Tin, ndiye masiku awiri a chilango ndi sabata yathunthu opanda ndalama, pamwamba pake chindapusa.

Chimene chimandichititsa kuti ndisaitenge nkhaniyi ngati ya matikiti a kubetcha basi ndi Freddy Tylicki. Pa 31 October 2016 ku Kempton anali mkati cha kumpanda pa Nellie Deen, Graham Gibbons ali kutsogolo pa Madame Butterfly, mpata unatsekeka pokhota, mahatchi anayi anagwa. Tylicki sanayendenso, mpaka lero ali pa njinga ya olumala. Ma steward tsikulo anati inali ngozi, palibe amene analangidwa. Zinatengera khoti lalikulu la ku London mu December 2021 kunena kuti Gibbons anakwera mosalabadira moyo wa mnzake, patatha zaka zisanu.

Ndiye mukandifunsa, ndikutenga Category 1 pa zotsatira, koma chilango cha jockey chikhale cha ku Australia, chokwera mpikisano ukakhala waukulu, ndipo munthu akagwetsa mnzake asamadikire masabata awiri, aziyamba tsiku lotsatira olo kukhale Arc kapena Durban July kumapeto kwa sabatayo.