Ndemanga ya maphunziro a galamala ya Chingerezi a pa WhatsApp ochokera ku Ulónguè

Ndimagwira ntchito yaukalaliki pa kampani ina yaing'ono yonyamula katundu ku Moatize, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ndipo magalimoto athu amadutsa pa Zóbuè kulowa m'Malawi, kumene zikalata za pachipata ndi mauthenga a makasitomala zimabwera m'Chingerezi. Ife a kuno tinaphunzira m'Chipwitikizi, Chingerezi n'kungochilawa ngati phunziro limodzi chabe, chonsecho maiko atatu amene anachita malire ndi chigawo cha Tete, omwe ndi Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, amayendetsa za boma m'Chingerezi, ndipo dziko lathu lakhala mu Commonwealth kuyambira 1995. N'chifukwa chake ndinalembetsa maphunziro amene aphunzitsi ena opuma pa ntchito a ku Ulónguè amapereka pa gulu la WhatsApp, kulipira kwake kwa pamwezi kudzera pa M-Pesa, njira yotumizira ndalama pafoni.

Chimene ndayamikira koposa n'chakuti aphunzitsiwa amafotokoza galamala poyambira pa Chichewa, osati pa Chipwitikizi chokha monga amachitira mabuku a kusukulu. Phunziro limene landithandiza kwambiri pa ntchito ndi la mafunso okana. M'Chichewa munthu akakufunsa kuti "Galimoto sinafike?" umayankha kuti "Inde", kutanthauza kuti zoonadi sinafike, pamene m'Chingerezi funso lakuti "Hasn't the truck arrived?" limafuna yankho lakuti "No, it hasn't". Kalaliki amene angayankhe "Yes" pamenepa wauza kasitomala wa ku Blantyre kuti katundu wafika pomwe galimoto ikadali pamzere ku Zóbuè, ndipo zotere zimadula ndalama ndi chikhulupiriro chomwe. Anatsindikanso za "he" ndi "she", popeza ife timangoti "iye" kwa mwamuna ndi mkazi yemwe, ndipo anatipatsa nkhani zazifupi zoti tizisintha mayina a anthu mpaka lilime litazolowera.

Mbali ya Chipwitikizi sanayiiwale. Anatichenjeza kuti tisamanene "I have thirty years" motsatira "tenho trinta anos", komanso kuti "push" pachitseko ndi kukankha ngakhale amamveka ngati "puxar", kumene kuli kukoka. Funso ukatumiza m'mawa yankho limabwera tsiku lomwelo, nthawi zambiri m'mawu ojambulidwa, ndipo amayankha mwaulemu ngakhale funsolo litabwerezedwa ndi ophunzira angapo.

Zofooka ziliponso, ndipo ndizinena poyera chifukwa ndikufuna kuti maphunzirowa apite patsogolo. Kusiyana kwa "I have sent" ndi "I sent" anakudutsa mothamanga, pamene ndi pomwe ambiri a ife timapunthwa tikamalemba makalata, ndipo zitsanzo zake zinali za mkalasi osati za ntchito. Mpata woyankhula ndi wochepa kwambiri: timalemba ndi kumvetsera, koma palibe amene amatiwongolera katchulidwe ka "l" ndi "r", komwe kwa ife Achewa kumasokoneza mawu ngati "load" ndi "road", mawu amene ine ndimawatchula tsiku lililonse pafoni. Mauthenga ena ojambulidwa ndi aatali moti amatha mayunitsi a intaneti, ndipo anzathu a ku Tsangano, kumene netiweki imavuta, amadandaula kuti amawatsegula mochedwa phunziro litapita kale.

Kwa munthu amene Chingerezi anachiyambako ndipo akufuna kulemba mauthenga omveka a ntchito, maphunzirowa ndi oyenera ndalama yake ndipo ine ndipitiriza kulipira. Amene akufuna kuyankhula bwino pofunsira ntchito ku migodi ya malasha ayenera kupezanso munthu woyeserera naye pamaso. Pempho langa kwa aphunzitsi ndi lakuti afupikitse mauthenga ojambulidwa, ndiponso aike tsiku limodzi pa sabata loti ophunzira tizitumiza mawu athu kuti iwo atiwongolere.