Geoboard yathandiza mwana wanga kupeza mbali yosowa ya rekitango, koma pali zoti mudziwe musanagule

Makolo anzanga amene ana anu akuvutika ndi masamu a eriya, ndati ndikuuzeniko za kabolodi kena komwe takhala nako kunyumba miyezi itatu tsopano, amakatcha geoboard. Ndi kapulasitiki ka sikweya kokhala ndi zikhomo zondandalikidwa m'mizere, kathu kali ndi zikhomo 11 chopingasa ndi 11 chotsika, ndipo kamabwera ndi timphira tamitundumitundu tomwe umakola pa zikhomozo nkupanga rekitango kapena chilichonse chomwe ukufuna. Ndi zomwezo basi, palibe batire palibe sikirini.

Chomwe chinandipangitsa kugula ndi funso limodzi lomwe mwana wanga wamkazi wa zaka 9 ankangolilakwa. Rekitango ili ndi eriya ya masikweya sentimita 24, mulitali mwake ndi masentimita 6, peza mulifupi. Iye ankalemba 18. Tsiku lina anamupatsa 30 ndi 5, analemba 25. Ankangochotsera, ndipo nditamufunsa chifukwa chake anati "Amayi, si 6 yapita kale ku mbali iyi, nde yotsalayo ndi ya mbali inayo." Ndinkamuuza kuti agawe, ankagawadi tsiku limenelo, kukacha wabwerera ku kuchotsera kuja, chifukwa zoti gawa linali lamulo la mayi ake chabe, iyeyo anali asanaone ndi maso ake kuti akugawa chani.

Tsiku loyamba sindinatchule formula, ija yoti eriya ndi mulitali kuchulukitsa ndi mulifupi, ngakhale pang'ono. Ndinakoka kamphira kofiira pa mzere wa pansi mipata 6, nkumuuza kuti pansipa pasasinthe, iye azikweza kamphirako m'mwamba mpaka mkati mukhale timabokosi 24, timasikweya ta pakati pa zikhomo. Anakweza mzere umodzi nkuwerenga ndi chala, 6. Wachiwiri, 12. Atafika wachitatu nkupeza 18 anaima kaye nkundiyang'ana, paja 18 inali yankho lake lija, koma anaona yekha kuti iyi ndi nambala ya timabokosi ndipo sitinakwane, nde anakwezanso kamodzi nkufika 24. Ndinamufunsa kuti wakweza kangati, anati kanayi. Anakhala chete chala chili pa kamphira, kenako anati "Nde funso lija limafunsa kuti ma 6 alimo angati mu 24 eti?" Abale ndinasangalala zedi, chifukwa kugawa ndi kumeneko, wakupeza yekha. Titatero ndinamuuza ayese kupanga rekitango yake ija ya 6 ndi 18, anakoka kamphira mpaka kumapeto kwa bolodi osafika, tinawerengera limodzi kuti ikanakhala ndi timabokosi 108 pomwe bolodi lonse lili ndi 100 yokha. Kuyambira tsiku limenelo kuchotsera kuja sindinakuonenso mu kope lake.

Koma apa mvetserani, chifukwa ndi pomwe kabolodi aka kangasokoneze mwana ngati mwangomupatsa nkuchokapo. Ana amawerenga zikhomo, pomwe zofunika kuwerenga ndi mipata ya pakati pa zikhomozo. Mbali ya mipata 6 imagwira zikhomo 7, ya mipata 4 imagwira zikhomo 5, nde tsiku lachiwiri ali yekha rekitango yomweyo ya 24 ija anandiuza kuti ndi 7 ndi 5, eriya 35, ndipo anali wotsimikiza chifukwa zikhomo ndi zomwe zimaoneka komanso kugwirika. Kapepala ka malangizo komwe kanali m'bokosi kali ndi zithunzi za nyenyezi ndi tinyumba koma za izi sikananene chilichonse, ndipo ine ndikuona kuti opangawo apa anaphonya, ichi ndi chomwe chinayenera kulembedwa poyambirira. Ndinatenga maka nkulemba manambala m'mphepete, chikhomo choyamba 0, chomaliza 10, ngati pa rula, nkumuuza kuti aziwerenga kudumpha kwa chala osati pomwe chala chatera. Zinatenga masiku angapo kuti azolowere. Ngati mukagula, lembani manambalawo mwana asanakagwire nkomwe.

Si chinthu chachilendo ayi, kabolodi aka anakayambitsa ndi Caleb Gattegno, katswiri wa masamu wobadwira ku Alexandria ku Egypt mu 1911, ndipo kanafala m'masukulu m'zaka za m'ma 1950. Maganizo ake anali akuti mwana azindikire yekha pogwira zinthu, mphunzitsi achepetse kulankhula, ndipo ndavomereza kuti tsiku lomwe ndinalankhula zochepa ndi lomwe mwana wanga anamvetsa. China chomwe chinandikoka mtima ineyo wamkulune, kuwerenga zikhomo kuja kuli ndi njira yake yolondola. Georg Pick wa ku Austria anaonetsa mu 1899 kuti ukatenga zikhomo za mkati, nkuphatikiza theka la zikhomo zomwe kamphira kakhudza, nkuchotsapo 1, umapeza eriya. Ndinayesa pa rekitango yathu ija, mkati muli 15, m'mphepete 20 nde theka lake 10, kuphatikiza 25, kuchotsa 1 ndi 24 ndendende. Mwanayo sindinamuonetse izi, zikanangomubwezera mmbuyo, ndamusungira akakula.

Pa kusiyanitsa eriya ndi perimita napo kamagwira ntchito bwino kwambiri, chifukwa kamphirako ndiye perimita, timabokosi ta mkati ndiye eriya, mwana amaziona ngati zinthu ziwiri zosiyana. Tinapanga 6 ndi 4 ndi kamphira kofiira, 8 ndi 3 ndi kobiriwira, zonse timabokosi 24, koma kuzungulira ina 20 ina 22. Anawerenga kawiri osakhulupirira.

Zofooka zilipo. Timphira tomwe tinabwera nako ndi tochepa komanso tosalimba, tiwiri tinaduka sabata yoyamba, kamodzi kanamuthyapa pa chala, ndinachita kugula tina tokhuthalako. Ngati m'nyumba muli khanda lokwawa muzititola mukamaliza, timagwa pansi osaoneka. Chikhomo chimodzi cha pakona chinathyoka bolodi litagwa pa tebulo, pulasitiki yake si yolimba kwenikweni. Kuseri kuli zikhomo zozungulira ngati wotchi, ife sitinazigwiritse ntchito.

Vuto lalikulu ndi lakuti kamathera pa manambala athunthu osapitirira 10. Eriya 36 mbali imodzi 3, yankho ndi 12, silikwana pa bolodi. Eriya 30 mbali imodzi 4, yankho ndi 7.5, kamphira kamafuna kuima pakati pa zikhomo ziwiri pomwe palibe pokola, ngakhale apa ndinganene kuti zinathandizako chifukwa anaona kuti mizere 7 ikupereka 28, mizere 8 ikupereka 32, nde yankho lili pakatipo. Komanso mipata yake si sentimita imodzi imodzi, choncho nkhani yoti eriya imalembedwa mu masikweya sentimita koma mbali yomwe wapeza imalembedwa mu masentimita wamba, bolodi silingamuphunzitse, ndi inuyo kukhala naye pansi ndi rula. Ife patatha masabata atatu tinasamukira pa pepala la timabokosi, kenako pa kope wamba, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira, mayeso sakalowa nalo bolodi. Sabata yatha anali ndi 56 ndi 8, analemba 7 osajambula chilichonse, nkulemba pambali 7 kuchulukitsa ndi 8 kuti atsimikize, chizolowezi chomwe anachitenga powerenga mizere ija.

Ndikulimbikitsa kwa mwana wa zaka 7 mpaka 10 amene amaloweza formula koma akamutembenuzira funso amasowa pogwira, bola inu mukhale naye masiku oyambawo. Pogula musatenge ka zikhomo 5 ndi 5, kameneko kali ndi timabokosi 16 tokha, ngakhale funso lathu la 24 lija silingakwanepo, tengani ka 11 ndi 11, ndipo mukapeza koonekera mkati ngati galasi ndi kabwinoko chifukwa mutha kujambula mizere papepala nkuika pansi pake kuti timabokosi tizioneka. Amene muli ndi luso la manja mutha kupanga nokha ndi thabwa ndi misomali 121, kungoonetsetsa kuti mipata yonse mwayeza ndi rula ndipo ndi yofanana mbali zonse, mukapanda kutero timabokosi sitikhala masikweya ndipo zomwe mwana awerenge sizigwirizana ndi zomwe akuona.