Mnyamata wa kashopu pa Dedza boma yemwe amatikonzera za pa WhatsApp ya mpingo

Ine ndine mlembi pa mpingo wathu kuno mbali ya Linthipe, ndiye gulupu ya WhatsApp ya mpingo inagwera ine poti akuti foni yanga ndi yabwinoko. Chaka chatha abusa anati tipeze munthu wodziwa azitithandiza, ana athu ambiri ali ku Lilongwe ena ku Joni, kutchalitchi sitiwaonanso koma pa gulupu ndiye amawerenga mpaka pakati pausiku. Tinapeza mnyamata wina ali ndi kashopu pa Dedza boma, kaja ka fotokope, kupulinta ndi kuika nyimbo mu memore. Dzina ndasunga.

Ife maganizo athu anali oti ulaliki wonse wa Lamulungu uzijambulidwa n'kuponyedwa pa gulupu. Iye anaseka, akuti "abambo, munthu wagula kabando ka WhatsApp ka Airtel kapena TNM ka tsiku limodzi, akathere pa ulaliki wa ola lathunthu?" Ndinanyansidwa nayetu, mwana wamng'ono kumatiphunzitsa za ulaliki. Tinaponya ndithu. Omwe anamvera mpaka kumapeto anali awiri, mmodzi mwa iwo ndi amayi busa.

Ndiye tinamumvera. Lolemba m'mawa abusa amajambula mawu a mphindi ziwiri kapena zitatu, vesi limodzi basi ndi kapemphero, amajambulira mu vesitile chitseko chotseka chifukwa mphepo ya kuno inu mukuidziwa, panja mumangomva fuuu mawu osamveka. Mnyamatayo amachotsa phokoso n'kuchepetsa fayilo kuti isadye bando. Lachinayi zolengeza, maliro, zikwati, amayi a Chigwirizano akumana kuti. Izi ndi wamba, sinditayapo nthawi.

Chomwe chinandigwira mtima ndi maganizo ake awiri. Choyamba anati anthu azitumiza mafunso kwa abusa ku inibokisi, abusa aziyankha pa gulupu osatchula dzina. Eee abale, mafunso omwe anabwera! Za ngongole ya banki m'khonde, kodi mkhristu angakongoze katapila, mwamuna ali ku Joni zaka zinayi osatumiza kanthu ndidikirebe, zinthu zoti pa bwalo la akulu ampingo munthu sangatsegule pakamwa. Chachiwiri anabwera yekha pa kabaza mwezi wa Juni kukuzizira koopsa, n'kukhala pansi ndi agogo ena achikazi a mumpingo mwathu, kuwafunsa momwe tchalitchi chathu chinamangidwira. Agogowo atafunda chitenje mpaka kumutu, manja ali pa mbaula, kufotokoza momwe ankasenzera njerwa pamutu kuchokera ku uvuni kudambo akuimba, mwana ali kumbuyo. Kavidiyo kamene anawajambula anakadula tizidutswa ta pa sitetasi, ndipo sabata imeneyo ana a ku Joni anatumiza ndalama ya malata pa Airtel Money osapemphedwa n'komwe. Pamenepa ndiye ndimupatsa ulemu wake.

Koma zolakwika ziliponso, ndisabise. Mavesi amangokopera pa intaneti osaona kuti ndi Baibulo liti, tsiku lina anaika mawu a mu Buku Loyera pomwe ife kwathu timawerenga Buku Lopatulika, akulu ampingo achikulire anandiimbira foni kuti kodi mlembi mwasintha Baibulo liti osatiuza. Magetsi akathima iyenso wathima, alibe sola kapena jenereta, positala ya pepa sande inafika Loweruka usiku anthu atagona, Chigwirizano atalemba Chigwilizano komanso tsiku lolakwika.

Chomwe chinandipweteka zedi ndi chithunzi. Tinapita kukazonda mkulu wampingo wina kuchipatala, wina anajambula n'kumutumizira mnyamatayo, iye osafunsa anangoponya pa tsamba la Facebook la mpingo akuti tiwapempherere. Bambo ali pa bedi dilipu ili pamkono, ataonda, ana awo ku Blantyre anaonera pa Facebook asanauzidwe kuti matenda akula chonchi. Ndinapita ndekha kukapepesa ku banja, mnyamatayo anachotsa chithunzicho koma anthu anali atasunga kale m'mafoni.

Timamulipira pamwezi kuchokera mu thumba la achinyamata, ndipo kunena zoona mtengo wake siwoboola m'thumba poyerekeza ndi ntchito yake. Mipingo ina yandifunsa ngati ingapiteko, ndimawauza kuti pitani, koma mavesi muzimulembera nokha pa pepala ndipo pasiwedi ya tsamba isakhale ndi iye yekha. Ife panopa chithunzi chilichonse chimadutsa kaye pa foni yanga, iye anavomera ngakhale amadandaula kuti ndimachedwa kuyankha ndikakhala ku dimba la mbatata komwe netiweki imavuta.