Rector ndaipatsa nyenyezi zinayi, koma anyamata a mu tauni aja ayi

Ndikulemba mtima ukadali kuwawa, ngakhale mkwiyo wanga suli pa Rector, chida chosinthira code yakale kuti igwirizane ndi PHP yatsopano (PHP ndi chilankhulo cholembera mapulogalamu). Pulogalamu yowerengera katundu ndi kutulutsa malisiti pa shopu ya amalume ku Mbare inalembedwa mu PHP 5.6, imene inasiya kusamalidwa kumapeto kwa 2018. Eni seva, kompyuta imene pulogalamuyi imayenderapo, atatiuza kuti tisamukire ku PHP 8, amalume anagula chida kwa anyamata ena a mu tauni, pa madola 150, ati chimasintha code yonse chokha.

Kusintha chinasinthadi. PHP 8 inachotsa lamulo lotchedwa each(), ndiye chidacho chinangosaka mawu akuti each paliponse n'kuikapo lamulo lina lotchedwa foreach, osasiyanitsa lamulo la pulogalamu ndi mawu opita pa lisiti. Loweruka m'mawa, anthu ali pamzere mpaka pakhomo, malisiti akutuluka olembedwa "US$2 foreach" m'malo mwa "US$2 each", pomwe tsamba la katundu lakana kutseguka. Mayi wina wogula misomali anabweza lisiti, ati sangakaonetse zoterezi kwa abwana ake. Amalume, munthu wamkulu, anakhala tsiku lonse akulemba malisiti pamanja, uku akuwerengera madola, uku ma ZiG, ndalama za ku Zimbabwe. Nditaimba foni, mnyamatayo anangoti code yathu ndi yakale kwambiri. Nanga tinagulira chiyani chidacho ngati si ukale womwewo?

Ndinabwezeretsa zonse kuchokera pa Git, imene imasunga mbiri ya code, n'kuika Rector kudzera pa Composer, chida choikira mapulogalamu a PHP. Rector ndi yaulere, Tomas Votruba anaiyamba mu 2017, ndipo yadutsa m'manja mwa anthu ambiri. Siwerenga code ngati mawu wamba ayi. Imayamba yaigawa ndi chida chotchedwa PHP-Parser kuti idziwe chomwe chili lamulo ndi chomwe chili mawu chabe, ndipo imadalira chida china, PHPStan, pozindikira mitundu ya data. Chimene chinandikhazika mtima pansi ndi --dry-run: imakuonetsa mzere uliwonse umene ikufuna kusintha isanakhudze fayilo. Ma each() ndi create_function(), lamulo linanso limene PHP 8 inachotsa, onse inawakonza bwinobwino, malisiti osawakhudza.

Nyenyezi yachisanu ndaimana pa zifukwa ziwiri. Pa laputopu yanga yakale imadya memory kwambiri, moti ndinkaiyendetsa foda imodziimodzi, ndikuopanso kuti magetsi angazime. Chinanso, mu PHP 8 kuyerekeza 0 ndi mawu opanda kanthu sikuperekanso yankho lakale, ndipo malo amenewa ndinawapeza ndekha poyesa, Rector sinawakhudze. Apa sindingaidzudzule kwambiri, chifukwa sikanadziwa chimene wolemba woyamba ankafuna.

Abale amene mukusamalira mapulogalamu akale muno mu Harare, wina akabwera ndi chida chotere mufunseni kuti chakhala zaka zingati, akuchigwiritsa ndani, ndipo akuonetseni zosinthazo chisanalembe kanthu. Anyamata aja alonjeza kubweza theka la ndalama mwezi ukatha. Amalume avomera, ine ndikufuna zonse.