Kusintha makonzedwe a pulinta: pa makina penipeni, mu Word, kapena mu Control Panel?

Anthu amene amasindikiza makalata ndi kufotokopa ma NRC (zitupa za unzika) m'timashopu ta ku Kapata ndi m'tauni muno mu Chipata amadandaula kawirikawiri kuti akasintha makonzedwe lero, mawa pulinta imabwerera pakale. Chimene chimachititsa zimenezi nthawi zambiri ndi malo amene asinthirapo, pakuti malowo ndi atatu ndipo mphamvu zake n'zosiyana.

Mabatani ndi kasikirini ka pa pulinta ndiwo oyamba. Zimene mwasunga pamenepo zimakhalabe ngakhale magetsi atathima, ndipo pa ntchito yofotokopa ndi pomwe muyenera kukonzera zonse, monga kuda kwa zilembo, kukulitsa kapena kuchepetsa chithunzi, ndiponso ID Copy, imene imaika mbali zonse ziwiri za NRC pa tsamba limodzi. Koma chikalata chochokera pa kompyuta chimabwera ndi malangizo akeake, ndipo pulinta nthawi zambiri imatsatira amenewo n'kusiya za pa kasikirini. Makina ena, monga Epson L3210, alibe n'komwe sikirini.

Kusinthira mu Word mutadina Ctrl+P kumathandiza pa ntchito ya nthawi yomweyo basi, chifukwa mukatseka pulogalamuyo zambiri zimaiwalika.

Kwa munthu amene amasindikiza tsiku lonse, ine ndimalimbikitsa Control Panel ya Windows. Tsegulani Devices and Printers, dinani batani lakumanja la mausi pa pulinta yanu, n'kusankha Printing preferences; pa Windows 11 mudzazipeza mu Settings, pa Bluetooth & devices, kenako Printers & scanners. Choyamba kukonza ndi kukula kwa pepala. Mapulinta ambiri amabwera atakonzedwera Letter, pepala la ku America la mamilimita 216 ndi 279, pamene limene timagula kuno ndi A4, la mamilimita 210 ndi 297. Kusiyana kumeneku n'kumene kumasokoneza mphepete mwa kalata yofunsira ntchito, kapena kuimitsa makina akudikira pepala limene mulibe m'thireyi, kasitomala ali chiimire pakauntala. Pomwepo ikaninso zakuda ndi zoyera zokha, komanso Draft kapena EconoMode ya makina a HP, kuti inki kapena tona isathe msanga, ngakhale kuti pa chikalata chofunika ndi bwino kuibweza mwakale. Mukadina OK zimasungika.

Chofooka cha njirayi n'chakuti imasunga za akaunti yanu ya Windows yokha. Ngati makompyuta angapo akugawana pulinta imodzi, lowani mu Printer properties pa kompyuta imene pulintayo yalumikizidwako, pitani pa Advanced, n'kukonza Printing Defaults. Ndipo ngati muli ndi mapulinta awiri, zimitsani Let Windows manage my default printer, chifukwa ikakhala yoyatsa, Windows imatumiza ntchito ku makina amene munagwiritsa ntchito pomaliza, ngakhale atakhala a mitundu amene inki yake ndi yodula.