Seva imodzi yobisa mauthenga, kapena maseva ambirimbiri?

Pa mpikisano wokonza malo ochezera a pa intaneti osunga zinsinsi, pali njira ziwiri zimene zimakopa opikisana: ya Signal, pulogalamu yotumizirana mauthenga, ndi ya Mastodon, malo ochezera a pa intaneti.

Ku Signal seva, kompyuta imene mauthenga amadutsamo, ndi ya bungwe limodzi, koma uthenga umachoka pa foni yanu utabisidwa kale, ndipo umakatseguka pa foni ya mnzanu pokha. Mu 2016 khoti la ku America litafuna zambiri za munthu wina, Signal inangopereka tsiku limene anatsegula akaunti ndi limene analowa komaliza. Zinazo inalibe n'komwe. Chovuta n'choti polembetsa pamafunikabe nambala ya foni, ndipo sevayo ikazima, nonse muli mumdima.

Mastodon, imene Eugen Rochko anayambitsa mu 2016, ndi maseva ambiri olankhulana kudzera mu njira imodzi yotchedwa ActivityPub. Mwayambana ndi mwini seva? Samukani, okutsatirani asamuka nanu. Zokoma kumva. Komatu apa ndi pamene ambiri amapunthwa: mauthenga apadera a pa Mastodon sabisidwa, mwini seva atafuna akhoza kuwawerenga. Chithunzinso chikafika ku maseva ena, kuchifufuta kumadalira ngati enawo amvera pempho lanu.

Ine ndikanakhala woweruza, ndikanayamba ndi tsamba lolembetsera. Dzina, tsiku lobadwa, kumene muli: bokosi lililonse ndikanafunsa kuti n'lachiyani. Pamenepa ndikanakondera gulu lotsata Signal, bola lindiuze mmene lingathamangitsire ovutitsa anzawo pamene silikuona zimene akulemba.